Dulani!

1. Makapu atatu

M'mawa wa Loweruka limenelo amayi anaika makapu atatu patebulo. Anawayang'ana kanthawi, kenaka anabweza imodzi m'kabati.

Mzime anaona, koma anachita ngati akufunafuna supuni. M'nyumbamo munatsala anthu awiri, iye ndi amayi ake. Mkulu wake, mwana wachisamba, anamwalira pa ngozi ya basi miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo. Bokosi linabwera lokhomeratu, ndipo achipatala anati lisatsegulidwe. Amayi sanaione nkhope ya mwana wawo.

Kuyambira pamenepo makina awo osokera anafundikidwa nsalu. Amayiwo anali telala wodziwika msewu wonse, koma tsopano obwera ndi nsalu ankabwerera nazo pakhomo. Dokotala anamuuza Mzime mosabisa kuti, "Amayi akowa ali ngati kapu yong'aluka. Ikugwirabe madzi, koma isagundidwe."

"Iwe Mzime, kabuku kanga ka kuchipatala kali kuti?"

"Kali m'chikwama mwanu, amayi. Ndaikamo ndine."

"Lero kukhala mzere. Ndibwera dzuwa litapendeka. Usatsegule chipinda cha mkulu wako, ndakolopamo kale."

"Ndikatsegule ndikatengemo chiyani?"

Mzime ananena zimenezi akuwayang'ana amayi ake m'maso. Bodza anali atalizolowera.

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Atamaliza sukulu, anzake anapita kukafuna ntchito m'masitolo, iye anati apanga filimu. Analibe kamera, analibe magetsi ounikira, analibe galimoto. Kamera ankabwereka kwa wojambula maukwati wina amene anali ndi ziwiri, Loweruka m'mawa mokha, ndi batire limodzi lokalamba. Maikolofoni ankaimangirira ku ndodo ya mopu, n'kuiveka sokosi kuti isamve mphepo. Anasankha nkhani ya mzukwa chifukwa mzukwa sufuna zambiri. Umangofuna zenera ndi diresi limodzi.

Amayi atangokhota pakona, Mzime anatenga kiyi pamwamba pa chitseko n'kutsegula chipinda choletsedwacho.

Munali monga mmene mwini wake anasiyira. Bedi loyala, nsapato pansi pake, katani yoyera pazenera la zitsulo. Patebulo panali sizasi yaikulu ya amayi, tepi yoyezera ndi kachitini ka mapini. Zinatsala pamenepo madzulo amene amayi ankamuyeza mkulu wake diresi latsopano, ngozi n'kuchitika mawa lake. Diresilo linali lachikasu, la mabatani kumsana. Linatha monse kupatula mpendero wa m'munsi, umene amayi anangougwiriza ndi ulusi woyera n'kunena kuti, "Tidzamaliza mawa ukadzaweruka."

Mzime anaika kiyi patebulo pambali pa sizasi. Anakoka sutikesi pansi pa bedi n'kutulutsa diresilo. Sikanali koyamba. Kwa miyezi iwiri ankalitenga amayi ali m'bafa, n'kulibweza madzulo atalisasa bwinobwino.

Pabalaza panali chithunzi cha mkulu wake atavala diresi lomwelo, chojambulidwa madzulo oyeza aja. Mzime anachitembenuza kuti chiyang'ane khoma.

2. Nyumba yaphokoso

"Odi kwa a Dayirekita! Mzukwa wafika, ndipo uli ndi njala!"

Ameneyo anali Wasaluni, mtsikana wamfupi woseka mokweza, amene ankaluka tsitsi pafupi ndi siteji ya basi. Ndiye ankasewera mzukwa.

"Mizukwa sidya," anatero Mzime.

"Uwu umadya. Wasiya makasitomala awiri mitu ili theka chifukwa cha iwe. Filimuyi ikadzatchuka, dzina langa lidzalembedwe poyamba, lako pansi pa la sokosi."

M'mbuyo mwake munalowa a Makutu, mkulu wa imvi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku wailesi, kujambula mawu a masewero. Atapuma ntchito anasungulumwa, ndipo Mzime atawapempha kuti amuthandize anavomera tsiku lomwelo. Makina awo ojambulira mawu anali aakulu msinkhu kuposa Mzime.

Aka kanali koyamba kuti gululi lijambulire kwawo kwa Mzime. Magawo ena onse anajambulira pamasitepe a ofesi ina yotsekedwa ndi m'kanjira ka kuseri kwa saluni. Linatsala gawo limodzi, lomaliza: mzukwa utaima pazenera, utafulatira chitseko, osasuntha kwa mphindi yathunthu.

A Makutu anazungulira nyumba mutu uli chopendeka.

"Nyumba iyi ndi yaphokoso," anatero.

"Phokoso lake liti, madala?" anafunsa Wasaluni. "Muno muli zii ngati m'chipinda cha mayeso."

"Iwe makutu ako ndi opachikapo ndolo basi."

Anazimitsa filiji. Anamanga kansalu pa mpopi wodontha. Analamula kuti mafoni azimitsidwe, ndi kuti nsapato zonse zivulidwe zikaikidwe kukhitchini, chifukwa nsapato imalira ngakhale munthu ataima. Ankafuna kuti pa mphindi yomweyo ajambulenso chimene iwo ankachitcha mpweya wa chipinda.

"Chipinda chilichonse chimapuma," anamuuza Wasaluni. "Ukachotsa mawu onse, chimatsala ndi kamphepo kakekake. Polumikiza filimu timaika mpweya umenewo m'mipata. Popanda iwo, woonera amamva ngati makutu atsekeka."

"Ndiye mukufuna kujambula kanthu kopanda kanthu?"

"Ndi kamene kamavuta kuposa zonse."

Maikolofoni anaigoneka pamwamba pa wadiropu m'chipinda chija, chingwe n'kuchidutsitsa pansi pa chitseko mpaka m'bafa, tsidya lina la kanjira. Iwo eni ake ankayenera kukhala m'bafamo atadzitsekera, chifukwa chifuwa chawo chinkaimba likhweru akamapuma. Chitseko cha bafacho chinali chotupa ndi madzi. Chikatsekeka, pankafunika wina kunja kuti achinyamule pang'ono kuti chitseguke.

"Mukandiiwala mmenemu," anatero a Makutu, "mupeza mzukwa weniweni wopanda paudala."

Wasaluni analowa m'chipinda kukavala diresi ndi kudzola kumaso paudala wa ana. A Makutu anapita pabalaza kukachotsa batire mu wotchi ya pakhoma. Wotchi inaima pa mphindi makumi awiri kupitirira teni koloko. Pambali pake anaona chithunzi choyang'ana khoma. Anachitembenuza.

Analizindikira diresi lachikasu lija. Kenaka anaitana motsitsa mawu.

"Mzime. Tiye kukhitchini."

3. Kumene dzina la a Makutu linachokera

"Diresi lija ndi la ndani?"

Mzime anayang'ana mpopi womangidwa kansalu. "Ndi la asisi."

"Amene anatisiya aja?"

"Eya."

"Amayi ako akudziwa?"

Mzime anapukusa mutu.

"Nanga mwana wa eniake uja akudziwa chimene wavala?"

"Ndinamuuza kuti ndinagula pamsika."

A Makutu anakoka mpando n'kukhala. Anaika mahedifoni awo patebulo.

"Khala pansi, mwana iwe, ndikuuze chimene sindiuza anthu. Ndili mnyamata tinkapanga sewero la pa wailesi. Munali gawo la mayi amene mwana wake wamwalira. Wosewera wathu ankalira ngati mphaka wopondedwa mchira, aliyense ankangoseka. Tsiku lina ndinapita kuchipatala kukaona mnzanga, makina anga ali m'chikwama. Pakhonde panali mayi wina amene anali atangouzidwa kumene za mwana wake. Analira kulira kumene sindinakumvenso mpaka lero. Dzanja langali, ili ukulionali, linalowa m'chikwama n'kudina batani.

"Sewero litaulutsidwa, mabwana anandigwira chanza. Anati, 'Mnyamata iwe uli ndi makutu.' Dzina limene umandiitanirali linachokera pamenepo. Patapita mwezi kunabwera bambo wina ku ofesi, chipewa chili m'manja. Sanakalipe. Anati, 'Mkazi wanga anali atayamba kudya. Ndiye anadzimva yekha pa wailesi akulira mwana wake, pakati pa nyimbo ndi malonda a sopo. Tsopano salankhula. Ndimangofuna ndione nkhope ya munthu amene anachita zimenezi.' Anandiyang'ana, anavala chipewa chake, n'kumapita. Papita zaka makumi anayi, koma ndikatseka maso bambo uja amakhala ali pomwepo."

Mzime anatsegula pakamwa, koma a Makutu anakweza dzanja.

"Sindinamalize. Kamera ndi maikolofoni zilibe manyazi. Zimadya chilichonse chimene waziikira, ngati nkhumba. Manyazi amayenera kukhala ndi amene wazigwira. Inu ana mumayesa kuti udayirekita ndi kukuwa kuti 'Tiyeni!' Zimenezo ngakhale kondakitala wa basi amanena. Ntchito yako yeniyeni ndi kudziwa pamene uyenera kunena kuti 'Dulani.' Amene sadziwa zimenezo si dayirekita, ndi wakuba wokhala ndi kamera. Diresi lija kwa iwe ndi nsalu yooneka bwino padzuwa. Kwa amayi ako si nsalu. Ndi pamene manja awo anamugwira mwana wawo komaliza. Livule, ulibweze kumene unalitenga."

"Bambo, tajambula magawo khumi ndi limodzi ndi diresi limeneli," anatero Mzime. "Inu nomwe mukudziwa. Mzukwa sungakwere masitepe utavala chachikasu n'kukafika pazenera utavala chobiriwira. Ndikasintha diresi ndataya miyezi iwiri. Mpikisano wa mafilimu a achinyamata ukutseka Lachisanu. Yatsala mphindi imodzi yokha!"

"Ndiye dikira amayi ako uwapemphe."

"Akana."

"Ngati ukudziwa kuti akana, ukudziwanso kuti ukuba."

"Asisi akanakhalapo akanandibwereka."

"Kapena. Koma amene atsala ndi moyo si asisi ako."

Kuchipinda kunamveka mawu a Wasaluni. "A Dayirekita! Paudala akundilowa m'mphuno kuno! Msonkhano wanuwo ndi wa chipani?"

Mzime anaimirira. "Amayi abwera madzulo. Palibe chimene aone."

A Makutu anamuyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere m'manja. Mphindi imodzi. Ikatha, diresi m'sutikesi, ndipo madzulo ano uwauze wekha amayi ako. Ukapanda kutero ndidzabwera kudzawauza ndine."

Podutsa pabalaza anakonza chithunzi chija kuti chiyang'ane kumene chimayang'ana masiku onse. Analowa m'bafa, ndipo Mzime anawatsekera.

4. Lamulo

Chipindacho chinali chaching'ono. Malo okha amene kamera inkaona zenera lonse anali pakona ya kuseri kwa chitseko. Mzime anaimika kamera pamenepo, iye n'kudzipanikiza kukhoma.

Wasaluni anaima pazenera wopanda nsapato. Dzuwa linkadutsa m'katani n'kumayatsa diresi lachikasu lija. Popeza anali wamfupi, mpendero unkakwekwereza pansi n'kubisa mapazi ake, moti ankaoneka ngati sakuponda.

Ojambula mafilimu ena akafuna kuimitsa amakuwa mawu achingerezi. Mzime anakulira pansi pa tebulo la telala, kumene tsiku lonse ankamva amayi ake akuuza ophunzira kuti, "Dulani apa." Choncho iye ankati "Dulani!" Anzake ankamuseka, koma anazolowera.

"Tiyeni!"

Ulendo woyamba Wasaluni anayetsemula, paudala n'kuchita utsi.

Ulendo wachiwiri ntchentche inatera pakhosi pake, iye n'kuimenya mbama.

Ulendo wachitatu anapirira mpaka masekondi makumi anayi, kenaka anacheuka. "Sinakwane? Mwendo wachita dzanzi."

Pa kagalasi ka kamera, chizindikiro cha batire chinayamba kuphethira mofiira. Mzime anapsa mtima.

"Tamvera iwe! Batire latsala la ulendo umodzi. Ukasunthanso, filimu yatha, ndipo nkhope yakoyo anthu azidzaionera pa galasi la saluni basi. Kaya umve chiyani, kaya wina akulankhule, kaya akugwire, kaya nyumba ipse, usatembenuke. Usasunthe mpaka nditanena ineyo kuti 'Dulani.' Ine, osati munthu wina. Wamva?"

"Ndamva, bwana. Koma ndikudziwa ukufuna undiopsezenso. Tsiku lija unandigwetsera chivindikiro cha poto kumbuyo kuti ndidzidzimuke zenizeni. Lero bweretsa ngakhale mkango, sindisuntha."

Anatembenukira kuzenera n'kugwetsa manja.

"Tiyeni," anatero Mzime.

5. Mphindi imodzi

Nyumba yonse inati zii. Filiji sinkalira, mpopi sunkadontha, wotchi sinkagunda. Pa kagalasi manambala anayamba kuyenda.

Pa sekondi ya khumi ndi ziwiri, chitseko cha panja chinatseguka.

Mzime anawadziwa mapaziwo. Dokotala sanabwere tsiku limenelo, ndipo odwala onse anauzidwa kuti abwerere. Amayi anavula nsapato pakhomo monga mwa masiku onse. Anayenda pang'ono, n'kuima pabalaza, pamene panali wotchi yosayenda ndi chithunzi chija.

"Mzime?"

Anaitana motsitsa, ngati munthu amene akuopa kudzutsa khanda.

Mzime anayang'ana manambala. Makumi awiri ndi asanu. Kuyankha kunali kutaya gawo lonse. Anatseka pakamwa.

"Mzime, uli muno?"

Makumi atatu ndi awiri.

Mapazi anabwera m'kanjira. Anaima. Chitseko cha chipinda chinakankhidwa pang'onopang'ono mpaka chinamubisa Mzime kuseri kwake. Amayi analowa masitepe awiri, n'kupezeka ali pakati penipeni pa kagalasi ka kamera.

Sanakuwe. Anaika chikwama pansi mosamala kuti chisamveke.

"Ndimadziwa ine," ananong'ona. "Ndinawauza kuti bokosi lija linali lopepuka, anati ndikubwebweta. Ndangolowa pakhomo, nyumba yonse yasiya kupuma, wotchi yaima. Ndadziwiratu kuti wafika."

Wasaluni sanasunthe. Iye ankayesa kuti ndi wosewera wina amene Mzime wamubisa kuti amuopseze.

Amayi anatambasula dzanja. Dzuwa linkadutsa pakati pa zala zawo. Mzime anali ataonera mafilimu ambirimbiri pa foni yake, koma anali asanaonepo chinthu chooneka choona chotero. Manambala anafika makumi asanu ndi limodzi. Mphindi imene ankaifuna inakwana. Mawu aja anali pa lilime lake.

Sanawanene. M'malo mwake anapotoza pang'ono galasi la kamera kuti dzanja la amayi ake lioneke bwino.

Tsidya lina la kanjira chitseko cha bafa chinayamba kugwedezeka. A Makutu ankamva zonse m'mahedifoni. Anamenya chitseko ndi chikhatho. "Mzime! Dula! Mzime!" Mawu awo ankamveka ngati ochokera pansi pa madzi.

"Usaope, ndi anthu a panja," anatero amayi. "Bwanji sukundiyang'ana? Wakwiya chifukwa sindinamalize diresi lako? Ndinkakudikira. Sizasi sindinaisunthe, taona, ili pomwe tinaisiya."

Anagwira phewa la Wasaluni. Anachotsa dzanja msanga, kenaka analibwezanso.

"Ukutentha. Anthu ankati uli kozizira."

Wasaluni anatsinzina. Tsopano anali atamva kuti awa si mawu a sewero. Koma lamulo linali lamulo, ndipo mantha anamuumitsa miyendo.

Amayi anagwada n'kugwira mpendero wa ulusi woyera. Anauyendetsa m'zala zawo mpaka pansi.

"Wafupika, mwana wanga. Likukwekwereza."

Manambala anafika mphindi ziwiri ndi masekondi asanu ndi anayi. Kagalasi kanaphethira kamodzi n'kuda bii.

"Dulani!" anakuwa Mzime.

Zoona zake zinenedwe. Sanadule ndi Mzime. Linadula ndi batire.

6. Nsalu sadula mothamanga

Wasaluni anatembenuka. Nkhope yake inali mbuu ndi paudala, ndipo misozi inali italemba mizere iwiri yakuda mpaka kuchibwano.

"A Dayirekita," anatero, "amayi awa ndani?"

Amayi anaimirira n'kumugwira padzanja. Anatulutsa kampango m'thumba n'kuyamba kumupukuta kumaso, pang'onopang'ono, monga amachitira mayi ndi mwana wochokera kosewera.

"Fumbi la kumene unaliko," anatero. "Anandiuza kuti nkhope inaonongeka. Anama. Yangosintha pang'ono."

Mzime anatuluka kuseri kwa chitseko. "Amayi, si asisi awa! Ndi mnzanga wa ku saluni. Ndi filimu chabe. Diresi ndinatenga ndine, ndakhala ndikulitenga. Ndikhululukireni, amayi."

Wasaluni anayang'ana diresi limene anavala, kenaka sutikesi yotsegula pansi pa bedi. Anayesa kukoka dzanja lake, koma zala za telala ndi zolimba.

Amayi anamuyang'ana Mzime kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ankayang'anira kasitomala wachilendo asanatenge tepi. Anayang'ananso kamera.

"Pepani, mayi, sindinakuoneni. Ndinu ojambula zithunzi?"

Chibadwire, amayi ake anali asanamutchulepo Mzime kuti inu.

"Amayi, ndine! Ndine Mzime!"

"Mzime wanga ndamuitana kawiri nditalowa. Sanayankhe. Mulibe muno ameneyo, akanakhalamo akanayankha." Anamwetulira mwaulemu. "Mwati tidule. Tidula, koma musatifulumize. Nsalu sadula mothamanga. Ukadula wadula, siibwerera."

Ndi dzanja lawo linalo anatenga sizasi patebulo. Anaitsegula n'kuitseka kamodzi kuti amve ngati ikadali yakuthwa.

"Mzime, usandisiye," anatero Wasaluni.

"Mzime! Tsegula kuno!" A Makutu ankamenyabe chitseko cha bafa.

Mzime anaima pakati, osadziwa kolowera. Anaganiza kuti munthu wamkulu ndiye angathe kulankhula ndi amayi. "Ndikubwera pompano," anamuuza Wasaluni. Anathamanga masitepe atatu a m'kanjira, anagwira chogwirira cha chitseko cha bafa n'kuchinyamula ndi mphamvu zake zonse. Chinatseguka.

Kumbuyo kwake chitseko china chinatsekeka. Kiyi amene iye mwini anamusiya pambali pa sizasi anazungulira kawiri.

A Makutu anatuluka thukuta lili kamukamu, mahedifoni ali m'khosi. Sanamukalipire. Anapita pachitseko n'kugogoda ndi chala chimodzi.

"Odi, mayi. Ndine mlendo wanu. Tingalankhulane pang'ono?"



Anayesa chogwirira, anakankha ndi phewa. Chitsekocho chinali cha thabwa lolimba, ndipo iwo anali okalamba. Anatembenukira kwa Mzime.

"Chinatenga nthawi yaitali bwanji, kuchokera pamene anakuitana koyamba?"

"Mphindi ziwiri."

"Ine zinanditengera mphindi imodzi pakhonde la chipatala lija." Anavula mahedifoni n'kumupatsa. "Ndikupita kwa kalipentala wa pakona, abwere ndi chitsulo. Maikolofoni ikadali pa wadiropu, chingwe chili moyo. Vala. Unkafuna zenizeni, ndi zimenezo. Usavule mpaka ndibwere. Ukamva mwana uja akukuwa, tenga mpando umenye chitseko mpaka chimodzi chithyoke."

Anatuluka opanda nsapato.

Mzime anavala mahedifoni. Poyamba anamva mpweya wa chipinda, kamphepo kaja kamene a Makutu ankanena. Pansi pake panali kupuma kwa Wasaluni, kwafupikufupi ngati kwa mbalame yogwidwa. Kenaka kachitini ka mapini kanatseguka.

Amayi ake ankang'ung'uza kanyimbo kamene ankaimba kale akamasoka. Mzime anali asanakamve kwa miyezi isanu ndi itatu.

"Ima chilili, mwana wanga," anatero amayi, mawu akutuluka pambali chifukwa cha mapini amene anali pakamwa. "Kaya umve chiyani, usasunthe mpaka nditanena ine."

Mzime anagwada pachitseko. Anagogoda ndi manja onse awiri.

"Amayi, ndayankha tsopano! Ndine Mzime! Ndili pano!"

Kanyimbo kanasiya. M'mahedifoni mawu a amayi anabwera pafupi kwambiri, ngati akumunong'oneza iye mwini m'khutu.

"Usayankhe. Abwera kudzakutenganso. Ulendo uno sindikupereka."

Kenaka sizasi inatseguka.